Ndikathira reverb mawu anga akumira

Funso: Zikomo akulu. Ndimajambula ndekha nyimbo zanga pa kompyuta. Ndikathira reverb (kulira kwa mawu obwerera ngati m'holo) mawu amakoma ndithu, koma anzanga akuti sakumva zimene ndikuimba, akuti zikungomveka ngati ndili m'chitsime. Ndikaichotsa mawu amauma gwa! Kodi vuto ndi pulogalamu yaulere imene ndili nayoyi? Ndigule ina?
Woimba wongoyamba kumene

Yankho: Ndalamayo isungeni kaye, achimwene. Kompyuta yanuyo ili ndi mphamvu kuposa EMT 250, makina a ku Germany a mu 1976 amene anali oyamba a reverb ya digito kugulitsidwa pamsika, komanso kuposa Lexicon 224 ya mu 1978. Chonsecho nyimbo zambiri zotchuka zinadutsa m'makina amenewo. Chimene ndikuchikayikira ine ndi katcheredwe kanu.

Yambani ndi kabatani kolembedwa pre-delay, kochedwetsa reverb pang'ono liwu likatuluka, kamene ambiri sakakhudza n'komwe. Munthu akaimba m'holo yaikulu, khutu limayamba kumva mawu ochokera pakamwa, obwerera ku makoma amafika pambuyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye ngati khoma lili pa mtunda wa mamita 10, amakubwererani patatha mamilisekondi pafupifupi 58. Kampata kameneka ndi kamene kamapatsa khutu mwayi wogwira liwu lisanakutidwe. Pre-delay ikakhala pa ziro, reverb imagwera pamwamba pa "t", "k" ndi "s" wanu nthawi yomweyo, n'chifukwa chake anzanuwo akudandaula. Yesani mamilisekondi pakati pa 30 ndi 60, mumve mmene liwu likusendera kutsogolo.

Kenako onani decay, nthawi imene mchira wa reverb umatenga kuti uzilale. Apa pali kasamu kakang'ono: gawani 60,000, amene ndi mamilisekondi a m'mphindi imodzi, ndi liwiro la nyimbo. Nyimbo ya 120 BPM, ndiye kuti yogunda maulendo 120 pa mphindi, kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500. Mukapatsa mchira masekondi 4, liwu limodzi likhala likulirabe nyimbo itagunda kale maulendo 8, mizere ina itapita. Pa nyimbo yothamanga ine sindikonda kupyola sekondi imodzi ndi theka. Yodekha mutha kuitalikitsira. Pa mawu a munthu sankhani mtundu wa plate, umene umatsanzira chitsulo chachikulu chopyapyala cha EMT 140 ya mu 1957. Mtundu wa hall umanyenga, umakoma liwu likakhala lokha, ng'oma ndi besi zikalowa n'kusanduka matope.

Reverb yake musaiike pa tiraki ya mawu penipeni. Itsegulireni tiraki yakeyake, muzitumizako mawu ndi send, kabatani kotumizira gawo la mawu ku tiraki ina, ndipo isanalowe muike EQ (chida chosefera mawu) yodula zonse za pansi pa 600 Hz ndi za pamwamba pa 10 kHz, ndiye kuti mawu okhuthala kwambiri ndi opyapyala kwambiri. Njirayi imadziwika ndi dzina la situdiyo ya Abbey Road ku London, ndipo imachotsa kulindima kumene kumaphimba nyimbo.

Pali china chimene simunandiuze: mumajambulira m'chipinda chotani? Makoma opanda kanthu amabwezera mawu m'maikolofoni, ndipo phokoso limenelo likalowa, kulichotsa ndi ntchito yowawa. Pachikani mabulangete okhuthala kumbuyo kwanu ndi m'mbali, pakamwa pakhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa maikolofoni. Mukamaliza kumikisa, mverani pa sipika ya foni, ndipo muitane munthu amene sanaimvepo nyimboyo abwereze vesi yoyamba. Akaphonya mawu, tsitsani send.