Blow-off valve pa Hilux ya dizilo: ikhale pati, nanga idzatseguka ndi chiyani?

Achimwene, funso lanu ndaliona. Muli ndi Hilux ya D-4D, injini ya 1KD ya malita 3, mwagula ku Joni blow-off valve, vavu yotulutsa mpweya wopanikizidwa ndi tabo mukachotsa phazi pa moto, ndipo wowotcherera akufuna kudziwa kuti aboole pati, kufupi ndi tabo (chopopera mpweya mu injini, chozunguzidwa ndi utsi wa ekizozi) kapena kufupi ndi manifodi (paipi yogawira mpweyawo ku masilinda). Pokuyankhani, ena akuti paliponse bola pa paipi, ena akuti musaike n'komwe. Malowo ndikuuzani, si nkhani yovuta. Chimene chimasokoneza anthu pa dizilo n'chakuti vavuyo ikamangidwa, idzatsegulidwa ndi chiyani.

Vavu imeneyi anaipangira injini ya petulo. Pa petulo, pakhomo la manifodi pamakhala kachitseko kamene amakaniko timati butterfly. Mukachotsa phazi pa moto kuti musinthe giya, kachitsekoko kamatseka mwadzidzidzi pamene tabo ikadali paliwiro, ikuzungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Mpweya umene yakankha umasowa kolowera, umabwerera m'mbuyo n'kukamenya mapiko a tabo, ndiye kulira kwa "tututu" kuja. Pa nthawi yomweyo, kuseri kwa kachitsekoko mapisitoni akupitiriza kukoka, choncho m'manifodi mumabadwa vacuum, mphamvu yoyamwa yobwera mpweya ukachepa, ndipo vacuum imeneyo ndi imene imadutsa mu kapaipi kakang'ono n'kukakoka vavu kuti itseguke. Kachitseko kamodzi komweko ndiko kamabweretsa vuto, ndikonso kamauza vavu kuti nthawi yakwana.

Dizilo sayenda choncho. Mphamvu yake imakwera kapena kutsika malinga ndi mafuta amene ma injekita akupopera, osati ndi mpweya. Mukachotsa phazi, mafuta amadulidwa koma khomo la mpweya limakhalabe lotsegula, masilinda akumeza ngati kale. Utsi wa mu ekizozi umachepa mphamvu, tabo n'kumatsika yokha. Palibe khoma limene mpweya ukuwomba, ndipo m'manifodi mulibe vacuum. Ndicho chifukwa galimoto ya dizilo amaiikira pampu yakeyake ya vacuum kuti mabuleki azifewa. Wina anena kuti 1KD ili nayo butterfly. Ili nayo inde, koma imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza EGR (njira yobwezera utsi wina mu injini) komanso kutsamwitsa injini mukathimitsa kuti isagwedezeke. Siitseka ngati ya petulo nthawi iliyonse mukasintha giya.

Ndiye mukaimanga vavu yanuyo monga amachitira pa Subaru ya petulo, kapaipi kake n'kukalumikiza ku manifodi, kapaipiko kazingoona presha basi. Vavu izikhala yotseka moyo wake wonse, ndalama zanu zili phe pa paipi ngati chokongoletsera. Apo mwachita mwayi. Tsoka ndi pamene wina aona kuti sikulira n'kufewetsa sipuling'i kuti iziphulika ndi presha yokha.

Zimenezi ndinaziona pa pikapu ina imene inabwera pa galaja pathu ikufuka ngati ng'anjo ya njerwa. Mwini wake ankati ma injekita atha, ndipo anali atayamba kale kufunsa mitengo. Titaiyendetsa pa chitunda ndi katundu, tinamva kamluzu kosalekeza pansi pa boneti. Vavu imene anamuikira inkatseguka pang'ono pamene injini ikufuna mpweya wambiri. Mafuta akulowa okwanira, mpweya ukuthawira panja, zotsatira zake utsi wakuda ndi kutentha kwa ekizozi. Tinachotsa vavu, tinatseka bowo, utsi unatha tsiku lomwelo. Pa 1KD ngoziyi ndi yokulirapo chifukwa tabo yake ndi ya mapiko osinthasintha, imene amati variable nozzle. Kompyuta ikaona pa sensa kuti presha siikufika pamene ikufuna, imafinya mapikowo kuti tabo ithamange kwambiri. Ikuthamangitsa presha imene ikudontha, ndipo tabo yothamanga mopyola muyezo siichedwa kudya mabering'i ake. Mtengo wa tabo ya 1KD mukuudziwa.

Tsopano malo. Vavu iyenera kukhala pa njira ya mpweya wopanikizidwa, kuchokera pamene tabo imatulutsira mpaka pakhomo la manifodi. Kutsogolo kwa tabo, ku mbali ya air cleaner, kulibe presha, palibe chotulutsa. Ku ekizozi nako si kwake, kumeneko ndi kwa wastegate yolambalalitsa utsi kuti tabo isathamange mopyola, chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi blow-off. Mwa mbali ziwiri za intercooler, choziziritsa mpweya wochokera mu tabo, ine ndimasankha yozizira, pakati pa intercooler ndi manifodi. Mpweya wochokera mu tabo umapyola madigiri 100 galimoto ikamakoka, ndipo labala ndi ma sili a m'kati mwa vavu sakhalitsa pa moto wotere.

Koma tsegulani boneti yanu muone. Pa Hilux za 2005 mpaka 2015, intercooler ili pamwamba pa injini, pansi pa kamphuno ka pa boneti kaja, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku manifodi n'pafupi kwambiri moti malo oikapo vavu ndi ochepa. Ngati palibe mpata, paipi ya pakati pa tabo ndi intercooler igwira ntchito. Pa dizilo presha ya mbali ziwirizi imasiyana pang'ono chabe, ndipo mfundo ya pa petulo yakuti vavu iyandikire butterfly ilibe mphamvu kuno. Ingoisendezani kufupi ndi intercooler, kutali ndi thupi lotentha la tabo ndi manifodi ya ekizozi.

Imangidwe pa chitsulo, osati kuboola hosi ya labala. Intercooler yeniyeniyo musaiboole. Paipi ichotsedwe m'galimoto isanabooledwe, ndipo itsukidwe mpaka musatsale kanyenyeswa ngakhale kamodzi, chifukwa kumeneko kulibenso sefa, chilichonse chotsala chikalowa mu silinda. Ngati paipiyo ndi ya aluminiyamu, pamafunika wowotcherera ndi argon, osati wa mageti ndi mabagilabazi. Kamwa ya vavu iloze pansi kapena m'mbali. Misewu yathu ya fumbi mukuidziwa, nanga nthawi ya dzinja matope, ndipo vavu yoyang'ana kumwamba imasonkhanitsa zonsezo. Dziwaninso kuti mpweya wa m'paipi za dizilo umakhala ndi nkhungu ya oyilo yochokera ku breather, kapaipi kopumira injini, ndiye pamene vavu ikupumira pazida bii, musadzati injini yayamba kudontha.

Chotsegulira ndi ichi. Pa dizilo vavu imafuna solenoid (kavavu kotseguka ndi magetsi) ndi kabokosi kowerenga pedulo ya moto. Kabokosiko kakaona kuti phazi lachoka msangamsanga, kamatsegula solenoid kwa kanthawi, vacuum yochokera ku pampu ija n'kukoka vavu, kenako n'kutsekanso. Makampani ngati Turbosmart a ku Australia amapanga zida zoterezi zoyendera dizilo. Ena amangoika switch pa pedulo, koma imeneyo imasiya vavu yotsegula nthawi yonse imene phazi lili pambali, ngakhale pa idling kapena potsika phiri, mpweya wosasefedwa n'kumapeza mpata wolowera. Ndipo apa mverani bwino: vacuum imeneyo ndi yomweyo ya mabuleki anu. Potengapo, pakhale vavu yolola mbali imodzi komanso kathanki kosungira, ma hosi omanga ndi makalampu abwino. Kapaipi kamodzi kakavuka mukutsika Chiweta kapena Thyolo, pedulo ya buleki iuma ngati mwala.

Palinso sensa ya MAF, imene ili pafupi ndi air cleaner. Imawerenga mpweya wonse wolowa, ndipo kompyuta imadalira chiwerengerocho poyendetsa EGR ndi pochepetsa utsi. Mukataya panja mpweya umene wawerengedwa kale, kompyuta imakhulupirira kuti uli mu injini. Galimoto zina zimapirira, zina zimayatsa check engine n'kudula mphamvu. Njira yopewera ndi kubweza mpweyawo ku paipi ya pakati pa MAF ndi tabo, koma mukatero phokoso limachepa kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti phokosolo ndi limene mwagulira.

Ndisakunamizeni kuti galimoto ithamanga. Pa dizilo wosasinthidwa, presha yotsala m'mapaipi posintha giya ndi chuma, ndi imene imakunyamulani mukangoponda moto pa giya yotsatira. Mukaitaya, tabo iyenera kudzazanso intercooler ndi mapaipi onse, ndiye pamakhala kakuchedwa ndi kautsi kakuda. Ichi n'chifukwa chake Toyota, Isuzu ndi Nissan saika vavu imeneyi pa mapikapu awo a dizilo, si kuti anaiwala.

Kumene imagwiradi ntchito ndi pa injini zimene aziika tabo yaikulu kuposa ya kufakitale ndi presha yokwera kwambiri, monga ma Cummins a m'mapikapu a Dodge Ram ku America amene amawakonzera mipikisano yokoka zolemera. Pamenepo woyendetsa akadula moto mwadzidzidzi, injini imatsika msanga kuposa tabo, mpweya n'kubwerera ndi mphamvu yoti ikhoza kuthyola shafiti. Hilux yanu ya presha ya mozungulira bar imodzi siili m'gulu limenelo.

Kanthu kena kaching'ono: ambiri amene amandifunsa zimenezi amati akufuna kulira kwa "psss" kwa ma Scania ndi ma Freightliner a pa M1. Kumeneko si blow-off ayi, ndi mpweya wa mabuleki ndi air dryer ikamataya madzi.

Ngati yanuyo ikuchita kale "tututu" mukachotsa phazi pamene simunasinthe kalikonse, vavu idikire kaye. Onani ngati mapiko a tabo sanagwidwe ndi mwaye, ngati EGR ndi manifodi sizinatsekeke ndi phula lakuda lija, ndipo tsukani kasefa ka pa kapaipi kopita ku sensa ya presha. Jambulani pansi pa boneti ndi bokosi la vavuyo muponye pano, tione ngati ili ndi solenoid kapena anakugulitsani ya petulo.