Mwana akuimba buku lonse koma sakutha kuwerenga: yankho kwa mayi a ku Ndirande

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, ndipo ndaona kuti ndiyankhe poyera chifukwa funso lawo lili m'nyumba zambiri kuno ku Blantyre. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 8, ali mu Sitandade 2. Akatsegula buku lake la Chichewa amathamanga nalo tsamba ndi tsamba osapunthwa, koma tsiku lina atamupatsa kapepala ka zolengeza za ku tchalitchi analephera ngakhale mzere woyamba. Mayiwa amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, sukulu analekezera Sitandade 7, ndipo akuti Chingerezi chimawavuta. Akufunsa kuti kodi ana a msinkhu umenewu amaphunzira chiyani kwenikweni, iwo angathandize bwanji, nanga angomusamutsira ku pulayiveti?

Mayi, zikomo polemba, ndipo zikomo kwambiri chifukwa cha kapepala kaja. Makolo ambiri akamva mwana akuyenda bwino m'buku amangosangalala, amadzadzidzimuka mwana ali Sitandade 5. Inu mwaligwira vutoli likadali lanthete.

Mwana wanu analoweza bukulo. Sikuti ndi mbuli ayi, mwana amene wasunga masamba onsewo m'mutu ali ndi mutu wogwira zinthu. Chimene chimachitika n'chakuti aphunzitsi amawerenga mzere, kalasi yonse n'kubwereza mokweza, mawa chimodzimodzi. Mwana wa khutu lakuthwa amangoona chithunzi cha patsambalo n'kukumbukira mawu ake onse, maso asanagwire lembo ndi limodzi lomwe. Ndipo musafulumire kuwada aphunzitsi. Kuyambira mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana analowa sukulu mwaunyinji, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi ndi aphunzitsi sanakwanebe mpaka lero. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'sukulu za boma za ku Ndirande, Bangwe kapena Mbayani, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Mphunzitsi wotereyu, ngakhale akhale wakhama chotani, sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga payekha tsiku lililonse. Ntchito imeneyi ndi imene inu mungaigwire kunyumba, ndipo sifuna satifiketi.

Tsono zimene amaphunzira. Ndondomeko ya maphunziro ndi mabuku ake zimakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo masabata oyamba amakhala ozolowera sukulu: kukhala m'kalasi, kugwira pensulo, kumvera belu, kupempha akafuna kupita kuchimbudzi. Kenaka pamabwera Chichewa, Chingerezi, masamu, maphunziro a zaluso monga kuimba, kujambula ndi masewera, komanso a chipembedzo. Koma mtima wa makalasi aang'ono onsewa, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndi kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la boma la America la USAID, unayambitsa ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga yotchedwa National Reading Programme, ndipo mabuku a Chichewa ndi Chingerezi amene ana akugwiritsa ntchito m'makalasi amenewa anachokera kumeneko.

Njira yake imakwera pang'onopang'ono. Mwana amayamba kumva maliwu a m'mawu, kuti "mayi" akuyamba ndi liwu lofanana ndi la "moto". Kenaka amaphunzira lembo loimira liwulo. Malembo amawalumikiza kukhala maphatikizo, ma, me, mi, mo, mu, maphatikizo n'kupanga mawu, mawu n'kupanga ziganizo, mpaka kankhani kakafupi kokhala ndi mafunso. Musadabwe mukaona kuti buku silikutsata a, b, c monga tinkaimbira ife kale. Amayamba ndi malembo opezeka kawirikawiri kuti mwana ayambe msanga kupanga mawu enieni. Pofika Sitandade 2 amalowa m'maphatikizo olemera, a malembo atatu kapena anayi, monga nkha, mpha, ntha, mbwa, ndipo ana ambiri amatsalira pamenepa. Amasokoneza "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola", sadziwa chimene kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kakuchita kuti asamveke ngati "ngoma".

Ubwino wa Chichewa n'ngwakuti chimalembedwa monga chimamvekera. Mwana akagwira maphatikizo akhoza kuwerenga mawu amene sanawaonepo chibadwire. N'chifukwa chake ndikunena motsimikiza kuti inu, amene munafika Sitandade 7 ndipo mwandilembera imelo yomveka bwino chonchi, muli ndi zonse zofunika.

Yambani ndi kufufuza pamene waima. Tengani katoni yakale, muidule tizidutswa, pa kachidutswa kalikonse mulembe phatikizo limodzi ndi malembo aakulu bwino: ka, la, ma, ta, mu, ku, li, ni. Muzisakanize ngati makadi, muzimuonetsa kamodzikamodzi. Pamenepa palibe chithunzi, palibe nyimbo ya m'kalasi, ndiye mudziwa zoona. Zimene wakhoza ikani mbali imodzi, zimene walephera mbali ina. Akalephera ngakhale izi, bwererani ku a, e, i, o, u osachita manyazi, ngakhale ali Sitandade 2. Akakhoza, ikani tiwiri kapena titatu pamodzi pamphasa: "ka", "la" ndi "ta" kukhala kalata, "mu" ndi "tu" kukhala mutu. Kenaka mutembenuze, "la" ndi "ma" asanduke "ma" ndi "la", muone ngati azindikire kuti mawuwo asintha. Tsiku limene mwana amaona yekha kuti tizidutswa tiwiri tapanga mawu amene amawadziwa, nkhope yake imasintha, ndipo mudzaona ndi maso anu.

Bukulo musalitaye. Mukamawerenga naye, phimbani chithunzi ndi dzanja, yambirani mzere wapansi kukwera m'mwamba, kapena mulozereni mawu a pakati pa chiganizo. Iye aziloza ndi chala phatikizo lililonse. Akakakamira, werengani mumtima mpaka kasanu musanamuuze. Ife akuluakulu timafulumira kuyankhira mwana, ndiye amazolowera kudikira. Mphindi 15 kapena 20 patsiku n'zokwana, bola zisadumphedumphe. Ndipo sankhani nthawi ya kuwala, akangoweruka kapena musanayambe kuphika chamadzulo, popeza usiku magetsi sadalirika ndipo mwana amakhala atatopa.

Pali chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: pa mphindi zimenezi pasakhale kamtengo, pasakhale mawu oti "ndiwe mbuli" kapena "mnzako uja amatha". Mwana woopa amangoyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati mwakwiya, sayang'ana lembo. Mukatopa ndi za mumsika, ndi bwino kulekeza tsiku limenelo kusiyana ndi kumaliza ndi misozi.

Zowerenga zina zili pena paliponse mu mzinda uno. Mukaima naye pa siteji, muuzeni akupezereni minibasi yolembedwa Chirimba, Limbe kapena Machinjiri. Paketi ya shuga, chikwangwani cha pachigayo, dzina la okala, buku la nyimbo la ku tchalitchi, zonsezo ndi mabuku. Muthanso kumulembera kalata ya mzere umodzi m'mawa, "Tenga mbale ziwiri upite nazo kwa agogo", kuti aone kuti kuwerenga kuli ndi ntchito. Loweruka lina mukapeza mpata, laibulale ya National Library Service ili ndi nthambi mu tauni ya Blantyre, ndipo muli mabuku a ana.

Masamu ndiye muli pamwayi kuposa makolo a mu ofesi. M'makalasi amenewa ana amaphunzira kuwerenga zinthu, kulemba manambala, kuphatikiza, kuchotsera, ndalama, maonekedwe a zinthu, kenaka kuchulukitsa ndi kugawa. Vuto lake n'lomwe lija: mwana amaimba 1 mpaka 100 koma mukamuuza kuti akupatseni anyezi 7 amabwera ndi 9. Pa benchi yanu mumaika tomato m'milu tsiku lililonse. Muuzeni aike milu itatu ya anayianayi, awerenge onse pamodzi; wachulukitsa kale pamenepo asanamve dzina lake. Kasitomala akagula mulu umodzi, atsala angati? Kunyumba tolani zitsekerero za mabotolo, ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Mitolo iwiri ndi timitengo titatu tapadera ndi 23, ndipo mwana amene wagwira izi m'manja sadzavutika kumvetsa chifukwa chake 23 si 32. Akamakula muzimusiyira chenji chaching'ono, wina akapereka K500 pa chinthu cha K300. Bawo nayenso ndi mphunzitsi wabwino wa kuwerengera.

Za Chingerezi musade nazo nkhawa kwambiri panopa. Chidzafunika ndithu, popeza m'makalasi apamwamba maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Koma mwana amene wadziwa kuti malembo amaimira maliwu m'chinenero chake amalowa m'Chingerezi ali ndi pogwira. Inu muzingomufunsa mawu atsopano amene waphunzira lero, akuphunzitseni iyeyo. Ana amakonda kwambiri kuphunzitsa amayi awo.

Musasiyenso nthano. Madzulo mukati "Padangotero", iye n'kuyankha "Tili tonse", mukumuphunzitsa kutsata nkhani kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Mukamaliza mufunseni chifukwa chimene Kalulu anachitira zimenezo, ndi chimene iye akadachita. Mafunso omwewa ndi amene amakumana nawo m'kalasi pa kumvetsa nkhani, ndipo mwana wowerenga mawu bwino koma osamva tanthauzo amagwa pamenepo.

Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, osadikira tsiku lotsekera. Muwauze zimene mwapeza pa tizidutswa tija, muwafunse maphatikizo amene ali nawo sabata ino kuti kunyumba muziyenda nawo limodzi, ndipo mupemphe kuti buku lizibwera kunyumba. M'sukulu zina amaumira mabuku poopa kung'ambika; mukalikuta ndi pulasitiki n'kulonjeza kulisamala, aphunzitsi ambiri amalola. Onaninso zinthu ziwiri zimene timaziiwala. Choyamba ndi njala. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, limapereka phala m'sukulu zambiri za mu Blantyre, choncho kapu isamasowe m'chikwama, ndipo ngati pasukulu pake palibe phala, ngakhale mbatata yootcha imathandiza. Chachiwiri ndi maso ndi makutu. Ngati amayandikitsa buku kumaso, amatsinzinira poyang'ana bolodi, kapena mumamuitana kangapo asanayankhe, pitani naye ku chipatala chaching'ono cha kwanuko. Akaona chovuta akutumizani ku Queens, kumene kuli chipatala cha maso. Ndipo ngati papita teremu yathunthu mukulimbikira koma maphatikizo sakukhazikika, funsani ahedi za aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Tsopano za pulayiveti. Zilipo zabwino, zilipo zina zimene ndi nyumba yogona yosandutsidwa kalasi, aphunzitsi ake osapita ku koleji, ana n'kumaimba Chingerezi chimene sakuchimva. Kumeneko kuloweza kumakula m'malo mochepa, ndipo ndalama ya tomato yapita. Ine ndikadakhala inu ndikadadikira teremu imodzi ndikuchita zimene ndafotokozazi. Mukaganizabe zomusamutsa, kapena zomulipirira maphunziro apadera a masana, pitani mukaone nokha kalasi ikuphunzira. Funsani ana alimo angati, aphunzitsi anaphunzira kuti, ndipo pemphani kuti mwana mmodzi wa Sitandade 2 akuwerengereni kapepala ka Chichewa kamene mwabwera nako m'chikwama.

Mukayesa tizidutswa tija ndilembereninso, mundiuze maphatikizo amene akumuvuta, ndidzakutumizirani mawu oyeserera ogwirizana ndi pamene waima.