Kodi makapusozi a antioxidant angatsitse shuga wanga?

Mayi ena a ku Lilongwe anditumizira imelo. Akuti thupi lawo lakula ndithu, ndipo atayezetsa magazi m'mawa asanadye, shuga anapezeka pa 6.4 mmol/L. Adokotala anawauza kuti matenda a shuga sanawagwire koma ali pafupi. Mnzawo wa kuntchito akuwatsatsa makapusozi odula, ati muli ma enzyme a antioxidant omwe amachepa mwa anthu onenepa. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati agule.

Mayi, mnzanuyo wayamba ndi zoona koma wathera kumalonda. Ndiyambe ndi zoonazo.

Maselo athu amawotcha shuga ndi mafuta ndi mpweya wa okosijeni kuti tipeze mphamvu, ndipo monga mbaula, pamatuluka utsi wake. Utsiwo ndi tizinthu tolusa monga superoxide ndi hydrogen peroxide, tomwe timawononga maselo tikachuluka. Thupi lili ndi ma enzyme (tizinthu tofulumizitsa ntchito za m'thupi) otichotsa, ndipo zoteteza zoterezi ndizo amati antioxidant. Superoxide dismutase, yomwe ntchito yake anaitulukira Joe McCord ndi Irwin Fridovich mu 1969, imasandutsa superoxide kukhala hydrogen peroxide. Kenako catalase ndi glutathione peroxidase zimamaliza ntchitoyo, n'kutsala madzi. Zowonongazi zikaposa mphamvu ya zoteteza, madokotala amati pali oxidative stress.

Apa ndi pomwe mafuta a m'mimba amalowera. Mu 2004 akatswiri a ku Osaka ku Japan anapeza kuti m'mafuta a mbewa zonenepa zowonongazi zinkapangika zambiri, pomwe ma enzyme oteteza anali atachepa. Zikatero minofu ndi chiwindi sizimvera bwino insulini, yomwe imathandiza thupi kuchotsa shuga m'magazi, shuga n'kumatsalira m'magazi, ndipo shuga wokwerayo amabalanso zowononga zina. Choipa n'chakuti maselo a kapamba opanga insulini ali ndi catalase ndi glutathione peroxidase zochepa mwachibadwa, choncho amatopa msanga.

Koma enzyme ndi puloteni. Mukaimeza, m'mimba imagayidwa monga mapuloteni ena onse, sifika m'maselo ili yamphumphu. Ndalama zanu zithera pamenepo.

Nanga mavitamini a antioxidant? Mu 2009 Michael Ristow ndi anzake ku Germany anachititsa amuna masewera olimbitsa thupi kwa milungu inayi. Ena ankamwa vitamini C wa 1,000 mg ndi vitamini E wa 400 IU tsiku lililonse, ena ayi. Omwe sankamwa, matupi awo anayamba kumvera bwino insulini ndipo anachulukitsa okha ma enzyme oteteza. Omwe ankamwa sanapindule choncho. Zowononga pang'ono zomwe zimabwera munthu akamatuluka thukuta ndizo zimadzutsa thupi kuti lidzimangire chitetezo, ndiye mapiritsiwo anatsekereza uthengawo. Ine kafukufukuyu amandikhutiritsa kuposa zonse zolembedwa pabotolo.

Pa selenium pokha, mchere womwe thupi limaufuna pang'ono kuchokera m'zakudya, pafunika kusamala. Glutathione peroxidase siigwira ntchito popanda iye, ndipo nthaka ya m'madera ambiri a Malawi ili naye wochepa, kotero chimanga chathu sichitipatsa wokwanira. Komabe ku America, anthu omwe ankamwa selenium wa 200 microgram tsiku lililonse kwa zaka zingapo anapezeka ndi matenda a shuga kuposa anzawo omwe sankamwa. Mupezeni mu usipa, matemba ndi mazira, osati m'botolo lomwe adokotala sanakulembereni.

Chomwe chinayesedwa n'kuoneka kuti chimagwira ndi ichi. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu 3,234 a shuga wapafupi ngati wanu. Omwe analimbikitsidwa kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti n'kumayenda ndawala mphindi 150 pa mlungu, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Omwe anapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Ngati mumalemera makilogalamu 90, ndiye kuti mukufunika kutaya 6 kapena 7 basi.

Choncho chepetsani mitanda ya nsima, ikhale ya mgaiwa, ndipo nkhwani, bonongwe kapena nyemba zichuluke m'mbale. Zoziziritsa kukhosi, mandasi ndi tiyi wa masipuni atatu a shuga ndizo ziyambe kuchoka. Musatayenso ndalama kufunafuna koyezetsa ma enzyme, chifukwa zimenezo amayeza ofufuza ndipo sizisintha chithandizo chanu. Pakapita miyezi itatu, kayezetseni HbA1c, muyezo wa magazi woonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kuyambira 5.7 mpaka 6.4 peresenti mukadali pafupi, koma ikafika 6.5 mukakambirane ndi adokotala anu za mankhwala.