"Organic chemistry yandikanika, ndisinthe kosi?" Yankho kwa mlongo wathu wa ku Braamfontein

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wakwathu amene akuphunzira sayansi pa yunivesite ina kuno ku Joni. Wandilola kuti ndimuyankhe pano bola dzina lake lisatchulidwe. Mwachidule akuti:

"Achimwene, kusekondale kwathu chemistry ndinkaikhoza bwino, ndipo semesita yoyamba kuno inayenda. Koma chiyambireni organic zinthu zavuta. Ndimachezera usiku kuloweza ma reaction, koma pa mayeso funso limabwera mwanjira ina, mutu n'kuima. Test yoyamba ndalephera. Makolo akuvutika kupeza fizi. Kodi mutu wangawu ndi wosakwana? Ndisinthe kosi?"

Achemwali, musasinthe kaye. Munthu amene wadutsa semesita yoyamba ya chemistry, ndi masamu ake a ma mole ndi equilibrium aja, mutu ali nawo. Chimene chikukupwetekani ndi kawerengedwe kamene kanakuthandizani kusekondale. Kumeneko organic inali yochepa: ma alkane, ma alkene, ma alkanol, ma alkanoic acid, mayina awo ndi ma reaction owerengeka. Munthu ankatha kuloweza zonsezo sabata imodzi n'kukhoza. Pa yunivesite ma reaction ndi ambiri kuposa amene mutu ungasunge, ndipo wolemba mayeso amachita dala kukupatsani molekyu imene simunaionepo. Sakufuna kudziwa ngati mukukumbukira tsamba la buku, akufuna aone ngati mungalosere zimene molekyuyo ichite. Zili ngati bawo: katswiri saloweza masewera onse amene anaseweredwapo, amadziwa malamulo a katakatidwe ndipo amawerenga nkhomo zimene zili patsogolo pake.

Lamulo lalikulu la organic ndi limodzi, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa zina zonse zatsamira pamenepa. Ma electron amachoka pamene achuluka kupita pamene aperewera. Timivi tokhotakhota timene aphunzitsi amajambula pabolodi tija timaonetsa zimenezi basi. Kamuvi kamayambira pamene pali ma electron awiri, kaya ndi lone pair kapena bond, n'kuloza kumene akupita. Sikayambira pa chizindikiro cha +, sikayambiranso pa atomu yopanda kanthu. Kajambulidwe kameneka kanayamba mu 1922 ndi Robert Robinson ndi mnzake William Kermack, ndipo mpaka lero ndi chimene chimasiyanitsa wophunzira amene wamvetsa ndi amene wangoloweza.

Tengani pepala tijambule limodzi. Lembani bromoethane, CH3CH2Br. Pa sikelo ya Pauling, kaboni ali ndi electronegativity ya 2.55, bromine 2.96. Ndiye kuti pa bond ya pakati pa awiriwa, bromine amakokera ma electron kwa iye, kaboni uja n'kutsala woperewera pang'ono. Ikani δ+ pa kaboniyo. Tsopano bweretsani hydroxide, OH⁻, amene ali ndi ma lone pair atatu pa okosijeni ndi charge ya negative. Uyu ndi wochulukidwa, ndiye nucleophile. Kamuvi koyamba kachoke pa lone pair ya okosijeni kaloze pa kaboni wa δ+ uja. Koma kaboni sangakhale ndi ma bond asanu, ndiye china chiyenera kuchoka: kamuvi kachiwiri kachoke pa bond ya C–Br kaloze pa bromine. Mwapeza ethanol ndi Br⁻. Imeneyi ndiyo SN2, dzina limene linachokera ku ntchito ya Christopher Ingold ndi Edward Hughes ku University College London m'ma 1930.

Tsopano onani phindu lake. Chotsani hydroxide, ikani cyanide, CN⁻. Timivi n'tomweto, mwapeza nitrile. Ikani methoxide, CH3O⁻, mwapeza ether. Ikani ammonia, mukupita ku amine. M'kope mwanu mwina zimenezi munazilemba ngati ma reaction anayi oti muloweze, chikhalirecho ndi chinthu chimodzi. Ndiye mudzifunse: nanga kaboni wonyamula bromine uja atazunguliridwa ndi magulu atatu a methyl, monga mu 2-bromo-2-methylpropane? Nucleophile amayenera kulowera kumbuyo, mbali yoyang'anana ndi kumene bromine akutulukira, koma uku kwadzaza. Choncho bromine amayamba wachoka yekha, pamatsala carbocation, kutanthauza kaboni wokhala ndi charge ya +, ndipo magulu atatu aja amaithandiza kukhazikika. Kenako nucleophile amabwera. Imeneyo ndi SN1. Mukamvetsa chifukwa chake tertiary carbocation, yozunguliridwa ndi magulu atatu ngati iyi, imakhazikika kuposa primary, ya gulu limodzi, lamulo la Markovnikov la ma alkene simulowezanso, chifukwa ndi nkhani yomweyo: haidrojeni amakakhala pamene pachititse kuti carbocation yokhazikika kwambiri ipangike.

Sindikunena kuti palibe choloweza. Chilipo, koma n'chochepa, ndipo chimenecho muchidziwe ngati dzina lanu. Ma functional group onse muziwazindikira mukangowaona. Mayina a IUPAC kuyambira meth- mpaka dec- asamakuchedwetseni. Ndiyeno pKa, nambala yoonetsa mphamvu ya asidi. Ophunzira ambiri amaidumpha poganiza kuti ma asidi anathana nawo semesita yatha, pamene mutu umenewu ndi umene umatsegula ina yonse. Sungani manambala ochepa awa: HCl pafupifupi −7, acetic acid 4.76, ethanol pafupifupi 16, alkane pafupifupi 50. Nambala ikachepa, asidi ndi wamphamvu, ndipo base yotsalayo ndi yofooka, yokhazikika payokha. Base yofooka ndiyo imachoka mosavuta pa molekyu. N'chifukwa chake bromide ndi leaving group yabwino pamene hydroxide ndi yokanika, mpaka mutaipatsa proton kuti ichoke ngati madzi. Funso lakuti "n'chifukwa chiyani reaction ya alcohol iyi ikufuna asidi" layankhidwa pamenepo.

Mutu wachiwiri umene umagwetsa anthu ndi stereochemistry, nkhani ya mmene maatomu aimira m'molekyu, ndipo apa vuto ndi maso. Pepala ndi lafulati, molekyu si yafulati. Kuyambira mu 1874, pamene van 't Hoff ndi Le Bel aliyense payekha anafotokoza zimenezi, tikudziwa kuti ma bond anayi a kaboni amaloza kumakona a tetrahedron, motalikirana madigiri 109.5. Anthu ena amatha kutembenuza chinthu chotere m'mutu, ambirife ayi, ndipo palibe chamanyazi. Ma model kit amagulitsidwa, koma ngati ndalama zavuta gulani Prestik ndi bokosi la machesi pa spaza. Umbani kampira ka Prestik, bayanipo timitengo tinayi, kunsonga kwake ikani tizidutswa ta mapepala a mitundu inayi yosiyana. Pangani kena kofanana ndi chithunzi cha koyambako pagalasi. Tsopano yesani kutisanjikiza kuti mitundu yonse inayi igwirizane. Muzungulitsa mpaka kutopa, sizitheka: iwiri ikagwirizana, iwiri inayo yasemphana. Mukazigwira ndi manja kamodzi, R ndi S, mayina a mitundu iwiri yotereyi, zimasiya kukhala matsenga. Kamodeli kotere ka makaboni angapo kakuthandizaninso pa Newman projection, ingokayang'anani molunjika pa bond, ndi pa chair ya cyclohexane. Ndipo si nkhani ya pamayeso pokha. Brufen amene timamwa mutu ukamawawa ndi ibuprofen, amene ali ndi kaboni mmodzi wotere, ndipo mtundu wa S ndi umene umagwira ntchito yoletsa ululu. Thupi limasandutsa gawo la R kukhala S.

Pamene ndafika pa mankhwala, ndinene kuti zimathandiza kumangirira zimene mukuphunzira ku zinthu zimene mukuzidziwa kale. Nkhani ya oxidation ya ma alcohol, mwachitsanzo. Munthu akamwa mowa, chiwindi chimasandutsa ethanol kukhala acetaldehyde, kenako acetic acid. Ndi ndondomeko yomweyo ya m'buku: primary alcohol, aldehyde, carboxylic acid. Koma mowa ukathiridwa methanol, amene ali ndi kaboni mmodzi yekha m'malo mwa awiri, ma enzyme omwewo a m'chiwindi amatulutsa formaldehyde kenako formic acid, ndipo ameneyu ndi amene amawononga mitsempha ya maso mpaka kupha. Chodabwitsa n'chakuti kuchipatala imodzi mwa njira zothandizira munthu wotere ndi kumupatsa ethanol, kuti ma enzyme aja atanganidwe naye, methanol atuluke m'thupi asanasanduke poizoni. Mukaidziwa nkhani imeneyi, ndondomeko ya oxidation simuiiwalanso.

Tibwere ku kagwiritsidwe ntchito ka nthawi, chifukwa mwanena zochezera usiku. Siyani. Organic imalowa ndi dzanja, osati ndi maso. Kuwerenga manotsi ndi kuonera mavidiyo pa YouTube kumanamiza, chifukwa wina akamajambula zonse zimaoneka zomveka, mumagwedeza mutu, koma mukapatsidwa pepala loyera simudziwa poyambira. Ola limodzi tsiku lililonse, buku lotseka, pensulo m'manja, limaposa Loweruka lathunthu lowerenga. Mukalemba funso, musathamangire kuona yankho. Limbanani nalo kaye, ndipo mukalakwa musangokopera zolondolazo, pezani kamuvi kenikeni kamene kanasokoneza. Kawirikawiri mupeza kuti zolakwa zanu ndi ziwiri kapena zitatu zomwezomwezo: kuiwala charge, kupatsa kaboni ma bond asanu, kapena kuyambitsa kamuvi pamalo olakwika.

Pepala la test imene mwalepherayo musalibise pansi pa matiresi. Kalitengeni, mupite nalo kwa tutor kapena kwa lecturer pa nthawi imene anaika yoonana ndi ophunzira. Ndikudziwa mmene tinaleredwera: wamkulu sumufunsafunsa, umangoti "chabwino" ngakhale sunamve. Ulemu umenewu kuno umaluzitsa. Aphunzitsi amakhala muofesi nthawi imeneyo kudikira anthu, ndipo amene amapitako nthawi zambiri ndi amene akukhoza kale. Musakanene kuti "sindikumva chilichonse", chifukwa palibe angakuthandizeni pa funso lotero. Kaonetseni zimene mwajambula, munene kuti apa ndi pamene ndathera. Pezaninso anzanu awiri kapena atatu oti muzifotokozerana pabolodi, kaya ndi Amalawi, Azulu kapena Asutu zilibe kanthu. Amene akufotokoza ndi amene amaphunzira kwambiri, ndiye musamakhale womvetsera yekhayekha.

Za mabuku, musadandaule ndi mitengo yake. Buku la John McMurry, limene mayunivesite ambiri akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, linaikidwa pa OpenStax mu 2023 ndipo ndi laulere. Likopereni mukakhala pa eduroam, Wi-Fi ya kusukulu, kuti musathe data, ndipo magetsi akathima mukhala nalo kale pa foni kapena pa laputopu. Mafunso a kumapeto kwa mutu uliwonse ndiwo chuma chake. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo afunseni ku laibulale kapena ku dipatimenti, koma muwasunge mpaka mutamaliza mutuwo, muwalembe mutatchera wotchi.

Labu musaipeputse. Ma prac amaonjezera malikisi a chaka, ndipo kujomba kukhoza kukuletsani kulemba mayeso omaliza, choncho werengani bwino malamulo a kosi yanu. Prac imene ambiri amakumana nayo ndi yopanga aspirin, mankhwala amene Felix Hoffmann anapanga ku kampani ya Bayer mu 1897. Mumasakaniza salicylic acid ndi acetic anhydride, kudontheza asidi pang'ono, kutenthetsa m'madzi otentha, kenako kuthira madzi ozizira. Fungo la viniga limene limatuluka ndi acetic acid. Nthawi zina botolo limangokhala madzi okhaokha, mtima n'kuyamba kugunda. Likandeni mkati ndi kandodo kagalasi, liikeni mu ayezi, muona timakristalo toyera tikutuluka. Mukatsuka ndi recrystallisation, gwiritsani ntchito solvent yotentha yochepa kwambiri, chifukwa mukachulutsa aspirin wanu amatsalira m'madzimo, yield n'kugwa. Aspirin woyera amasungunuka pa madigiri pafupifupi 135. Wanu akayamba kusungunuka msanga ndiponso pang'onopang'ono, ndiye kuti sanayere kapena sanaume. Dontho la iron(III) chloride likasanduka lapepo, salicylic acid akadalimo. Zimenezi muzilembe mu lipoti monga zachitikira, ndi chifukwa chake. Yield yochepa yofotokozedwa bwino imapeza malikisi, pamene yield ya 98% yopeka demonstrator amaizindikira msanga. Ndipo musanalowe mu labu, jambulani mechanism yake: okosijeni wa phenol ndiye nucleophile, kaboni wa C=O ndiye woperewera. Lamulo lomwe lija.

Nkhawa ya fizi ndaimva, ndipo siyochepa kwa wophunzira wochokera kunja amene makolo ake akusintha makwacha kukhala ma rand. Ngati ikukusowetsani tulo, mayunivesite ali ndi aphungu aulere kwa ophunzira awo: ku Wits kuli CCDU, ku UJ kuli PsyCaD. Pitani msanga, osadikira November.

Ndiye kusintha kosi? Test imodzi siyokwanira kugamulira nkhani yaikulu chotere. Yesani njira iyi mpaka test yachiwiri. Ngati pofika pamenepo timivi tayamba kumveka, ngakhale malikisi atakwera pang'ono chabe, pitirizani. Ngati mwachita zonsezi moona mtima koma mukuona kuti labu ndi mamolekyu sizikukukokani n'komwe, kaonaneni ndi mlangizi wa ku faculty komanso ofesi ya ophunzira akunja musanasaine chilichonse, kuti mudziwe mmene kusinthako kukhudzire ma credit anu ndi study visa. Pakadali pano, jambulani mechanism ya 2-bromopropane ndi hydroxide, koyamba ngati substitution, monga SN2 ija, kachiwiri ngati elimination, yopanga alkene, munditumizire chithunzi chake pa imelo yomweyi. Ndikufuna ndione pamene mukuyambitsa timivi tanu.