Kwa bambo mlaliki amene aika mwana m'manda sabata ya ubatizo

Pepani kwambiri bambo mlaliki, pepaninso kwa mayi akunyumba. Mwalemba kuti Lamulungu anthu amene mwakhala mukuwaphunzitsa kalasi anabatizidwa, ndipo Lachinayi lake mwana wanu wakhanda anakusiyani. Ndiye mukufunsa ngati Mulungu akukuuzani kuti mumange katundu, musiye mudzi umene anakutumani kufupi ndi Muloza, mubwerere kwanu ku Luchenza.

Ndiyambe ndi ena amene akuyankhani kale. Uyu akuti ndi ufiti wa m'mudzimo, uyo akuti Satana wakwiya ndi ubatizo uja, winanso akuti fufuzani tchimo m'nyumba mwanu. Abale, munthu ali m'siwa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba aja, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Zinalakwika atatsegula pakamwa.

Ine ndine mayi wa Mvano, imvi zafika kale. Malemu amuna anga anali mlaliki ngati inu, m'midzi ya kuseri kwa minda ya tiyi, komwe nthawi ya dzinja ngakhale njinga inkakana. Chaka chimene tinakhoma malata pa katchalitchi kathu, titatopa n'kufolera udzu chaka ndi chaka, ndi chaka chomwe tinataya mwana wathu wachiwiri. Anatentha thupi madzulo, ife n'kumati kukacha tipita naye kuchipatala. Kunacha, koma tinatembenukira panjira, ali kumsana kwanga. Patangotha milungu itatu abusa anabwera kudzatsegulira tchalitchi, amayi akululutira, ine ndili kumbuyo chitenje chili kumaso. Ndinadana nayo nthungululu imene ija, ndisakunamizeni. Ndinkangoti malata alowa, mwana watuluka, kodi Mulungu amachita msintho ngati wa pamsika?

Zinanditengera zaka kuti ndileke kuwerengera Mulungu chomwecho. Ubatizo wa Lamulungu sunali umboni woti akukondwera nanu kuposa kale, ndipo maliro a Lachinayi si kalata yokuchotsani ntchito. Mukayamba kufunafuna chifuniro chake m'zimene zakugwerani sabata iliyonse, muzingomanga ndi kumasula katundu mpaka kalekale.

Mtsinje wa Ruo umene mumauona tsiku ndi tsikuwo uli ndi nkhani yake. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861 kudzayambitsa mishoni. Mu Januwale 1862 anamwalira ndi malungo pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, mankhwala ake atamira bwato litagubuduzika. Chaka sichinathe n'komwe chifikireni ku Magomero. Posakhalitsa anzake anachoka, mishoni n'kukakhazikika ku Zanzibar. Munthu woima pamanda aja akanati Mulungu waikana ntchitoyi. Koma mishoni yomweyo inadzabwerera kunyanja, n'kukhazikika pa Likoma mu 1885. Sindikunena izi kuti imfa ya mwana wanu ioneke yaing'ono, kapena kuti inali mtengo wogulira chinachake, ayi. Ndikungoti pamanda si pamalo poonera patali, maso amakhala odzaza misozi.

Ndipo lirani ndithu. Vuto la inu atumiki n'loti mumafuna kuoneka olimba chifukwa nkhosa zikukuyang'anani. Amuna anga analalikira Lamulungu lotsatira maliro, aliyense n'kumawatama kuti koma bambowa chikhulupiriro. Usiku ndinkawamva akusisima kuseri kwa nkhokwe, ndipo kwa miyezi sitinkatchulirana dzina la mwanayo. Chimenecho chinatsala pang'ono kutiphwasulira banja. Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa bwino lomwe kuti amuukitsa. Nanga inu ndinu ndani kuti muziumitse? Pemphani abusa ndi akulu a mpingo akupumitseni milungu ingapo, wina agwirizire guwa. Mayi akunyumba musawasiye okha masana onse n'kumati muli kuntchito ya Ambuye. Mawere awo akadali ndi mkaka, thupi silinamve kuti mwana kulibe. Ngati akufuna kukakhala kwa amayi awo kwa kanthawi, aperekezeni, kumeneko si kuthawa.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatigwetsera napolo kuchokera m'phirimu, ndinaona china chake. Tinali pa msasa pasukulu, ena sakudziwa komwe kuli matupi a abale awo, mvula ikungokhuthuka. Mayi wina amene anataya nyumba ndi mdzukulu ndiye ankayambitsa nyimbo madzulo aliwonse, koma akafika pakati mawu ankamuthera, ena n'kupitiriza. Akapezako mphamvu ankalowanso. Sindinamumvepo akufotokoza chifukwa chake Mulungu analola zimene zija, ndipo palibe anamufunsa. M'misasa momwemo munabadwanso ana, tinawalandira ndi zitenje zopatsidwa.

Za kuchoka kapena kukhala, musagamule pano. Mwina patsogolo mudzaonadi kuti m'pofunika kusamuka, chifukwa cha thanzi la mayi kapena kutalika kwa chipatala, ndipo limenelo silidzakhala tchimo. Koma dikirani mvula ithe, nandolo akhwime, mukhale pansi awiri ndi abusa anu. Pakadali pano aloleni anthu munawaphunzitsa kalasi aja akutumikireni. Akabwera ndi nkhuni, ufa, kaya kalongonda m'mbale, musakane poganiza kuti ndinu woyenera kupatsa osati kulandira. Kwa ife amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzasesa pabwalo anali gogo wina yemwe anakana kulowa tchalitchi kwa zaka zonse tinakhala kumeneko. Sankanena zambiri. Akamaliza kusesa ankakhala pakhonde pang'ono, n'kufunsa ngati ndadya, kenako n'kumapita kudimba kwake.