Nkhanu zikatuluka zokha m'nyanja, kodi n'zodya?

Achimwene ena amene amagwira ntchito pafamu kufupi ndi Elands Bay, ku South Africa, andilembera imelo. Akuti tsiku lina m'mawa anapeza nyanja itafiira ngati katondo, ndipo nkhanu zikuluzikulu zimene eni dera amati kreef zili mbwee pamchenga, zina zikukwawabe. Funso lawo: "Ndiwo zobwera zokha chonchi, tingatole n'kukaphika?"

Achimwene, chonde zisiyeni.

Chofiiritsa madziwo ndi ndere zing'onozing'ono, zosaoneka ndi maso pokhapokha zitachulukana. Kugombe limenelo mphepo ya m'chilimwe imakankha madzi apamwamba, ndiye ozizira apansi amakwera ndi chakudya chambiri cha nderezo. Mphepo ikaleka, nderezo zimaunjikana kufupi ndi gombe, kufa, n'kuyamba kuwola. Kuwolako kumamaliza mpweya wa okosijeni m'madzi. Nkhanu zimathawira kosaya, kumene mafunde amalowetsako kampweya, koma madzi akaphwera zimatsala pamtunda, padzuwa. Choncho zimene munaonazo zinali zikubanika.

Mu 1997 nkhanu zokwana matani pafupifupi 2,000 zinatuluka motere ku Elands Bay komweko, ndipo mu 2022 zinatulukanso pafupifupi matani 500 m'chigawo chomwecho. Zimandipweteka ndikaganiza za asodzi ang'onoang'ono a kumeneko. Kreef imatenga zaka zingapo kuti ifike msinkhu wololedwa kugwira, ndiye zimene zafa m'masiku ochepa ndi chakudya cha ana cha zaka zikubwerazo.

Nkhanu yogona pamchenga simungadziwe kuti yafa liti, ndipo imawola msanga. Komanso kutola popanda chilolezo ndi mlandu kumeneko, ndipo inu ndinu mlendo. Zamoyo zisiyireni a boma, amene amazinyamula kukaziponya kumene madzi ali bwino.

Koma chimene ndikuopa kwambiri ndi ma mussel, nkhono zakuda zomatirira pamiyala zija. Zimadya posefa madzi, ndiye ngati ndere za nthawi imeneyo zili zapoizoni, monga Alexandrium catenella, poizoniyo amaunjikana m'thupi mwake. Kaya muwiritse, kaya muwotche, samatha. Amayamba ndi dzanzi pamilomo ndi lilime, kenako m'zala, mpaka munthu kulephera kupuma. Wina akadya n'kumva milomo kuchita dzanzi, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukanene zimene wadya.