Achemwali, za buku la Mma Ramotswe lija

Eee achemwali, mwaswera? Ndamva funso lanu lija, loti mumugulire mtsikana wathu The No. 1 Ladies' Detective Agency kapena ayi, poti owerenga akulinena mosiyana. Ine ndingoti guleni basi.

Amene akudandaulawo sakunama ayi. Iwo anazolowera kuti nkhani yofufuza milandu ikhale ndi mtembo, mfuti, kuthamangitsana, mtima uli m'mwamba mpaka tsamba lomaliza. Ndiye akatsegula ili akupeza mayi wonenepa bwino wa ku Gaborone, Precious Ramotswe, atakhala pansi akumwa tiyi wake, akumvetsera anthu. Amati palibe chikuchitika. Koma chikuchitika chilipo, kungoti milandu yake ndi yomwe timaiona pakhomo.

Mwachitsanzo, mayi wina wogwira ntchito ku banki, kwabwera mdala akuti ndine bambo ako amene ndinasowa kalekale. Wakhazikika, akudya, akuchapiridwa. Mma Ramotswe akubwereka yunifolomu ya unamwino, akufika ali wefuwefu, akuti mwana wanu wachita ngozi, pakufunika magazi ambiri a bambo ake omubereka, mwina inuyo simudzuka. Mdala uja pompo akuulula kuti si mwana wake! Nzeru zake ndi zotero, zodziwa mtima wa munthu.

Chimene chinandigwira kwambiri ine ndi bambo ake a Mma Ramotswe, Obed. Anakagwira ku migodi ya ku South Africa, fumbi linawaononga mapapo, ndalama zawo ankagula ng'ombe. Atamwalira, mwana wawo anagulitsa ng'ombezo n'kutsegula ofesi. Inu mukudziwa mmene anthu a ku Theba ankabwerera kuno, chifuwa chosatha. Pamenepo ndinawerenga misozi ili m'maso.

Kudandaula kwina n'kwakuti wolemba, Alexander McCall Smith, ndi mzungu. Anabadwira ku Bulawayo mu 1948, anaphunzitsapo zamalamulo pa yunivesite ya Botswana, koma amakhala ku Scotland, ndipo bukuli linatulukira komweko mu 1998. Ena amati Africa wake ndi wotsekemera mopitirira, wokomera azungu. Apo ndikuvomerezako pang'ono, nthawi zina anthu ake ndi ofatsa kuposa ife. Komatu sanabise zonse. Mwamuna woyamba wa Mma Ramotswe, woimba lipenga uja, ankamumenya, ndipo khanda lawo linamwalira. Mulinso mnyamata wobedwa chifukwa cha zizimba.

Ndiye mbali ziwiri zimenezo, ya nkhanza za m'banja ndi ya zizimba, muyambe mwawerenga inuyo, kenako mucheze naye mtsikanayo. Chingerezi chake n'chosavuta, wa Fomu 3 atha bwinobwino. Ndipo ndikufuna aone mayi amene anthu akumuuza kuti ntchito iyi ndi ya amuna, iye n'kukhoma chikwangwani chake, kulemba sekilitale, ntchito n'kuyamba. Mukalisowa m'mashopu mundiuze, langa ndipatsira alamu Loweruka akamabwera.